Chimbuuzi chadala pa zithunzi za mumsewu: chikakanika, vuto limakhala pati?

Wakabaza akamadutsa pa Salima masana, atanyamula mayi wa chitenje chofiira, dengu lili pamiyendo, maso athu amaona liwiro. Kamera mukaisiya kuti idzisankhire yokha imatsegula ndi kutseka pa 1/1000 ya sekondi, ndipo njinga ija imatuluka ili njii ngati yaimikidwa pa sitandi, masipoko onse owerengeka. Chithunzi chotere sicholakwika, koma kuthamanga kuja mulibe. N'chifukwa chake ena a ife timachedwetsa mwadala shutter, kachitseko ka m'kamera kolowetsa kuwala, kuti mbali ina ya chithunzi ikhwekhwerezeke, ichite chimbuuzi, woona amve mphepo ya njinga pankhope.

Njira imeneyi imakana kambirimbiri, ndipo imakana m'njira zomwezomwezo. Ndinabwerapo kuchokera ku Salima komweko ndi khadi yodzaza, usiku ndikuyang'ana pa kompyuta n'kupeza zitatu zokha zoti munthu angaonetse anzake. Chimene chinandithandiza pambuyo pake ndi kusiya kufufuta mofulumira. Chithunzi chokanika chimaulula chokha chimene chalakwika, bola muchikulitse ndi kuyang'ana mmene chimbuuzicho chakhalira.

Yang'anani kanthu kowala, monga belu la njinga kapena batani la malaya. Ngati kasanduka mzere wowongoka wolowera mbali imodzi, chimenecho ndi chimbuuzi cha kuyenda, chomwe tikufunacho. Ngati kapindika ngati mbedza, kapena kakuoneka kawiri, manja anu ananjenjemera. Ngati kafufuma mozungulira popanda kolowera, focus, malo amene lens yalunjika kuti aoneke bwino, inagwira pena. Zitatuzi mankhwala ake ndi osiyana, ndipo munthu akasokoneza amatha mlungu wonse akusintha shutter pamene vuto lili m'chiuno mwake.

Chithunzi chayera mbee

Ili ndiye vuto loyamba kwa wojambula aliyense kuno kwathu, ndipo ambiri amagwa ulesi pomwepa. Mwaika kamera pa S, kapena pa Tv ngati ndi Canon, pamene liwiro la shutter mumasankha nokha, mwasankha 1/30 ya sekondi, mwajambula, pagalasi pangoyera. Musanajambule, nambala ya aperture, kukula kwa bowo la lens lolowera kuwala, inali kuphethira, kapena panalembedwa HI pa ma Nikon ena akale. Kumeneko kunali kudandaula kwa kamera kuti yachepetsa bowo la lens mpaka pamapeto koma kuwala kukuchulukabe.

Masamu ake ndi awa. Pali lamulo lakale la ojambula loti dzuwa likamaswa mtengo, pa ISO 100 (ISO ndi mulingo wa mmene kamera imamvera kuwala) ndi f/16 (nambala ya bowo lija, ikamakwera bowo limachepa), shutter imafunika ikhale cha pa 1/125. Kuchoka pa 1/125 kupita pa 1/60 ndiye kuti mwalowetsa kuwala kowirikiza kawiri, ndipo kufika pa 1/30 mwawirikizanso. Kuwirikiza kulikonse kotere ojambula amati stop imodzi. Kuti mubweze ma stop awiriwo, bowo liyenera kuchepa kuchoka pa f/16 kupita pa f/22 kenako f/32. Ma lens ambiri amathera pa f/22, ena pa f/16. Ndiye dzuwa lili paliwombo, 1/30 kawirikawiri siitheka popanda thandizo.

Choyamba onani ISO. Ikhale pa nambala yotsikitsitsa, 100 kapena 64 ngati ilipo, ndipo muichotse pa auto. Ndaonapo anthu akuvutika dzuwa lili ng'aa ISO ili pa 800 kuyambira pa mwambo wa usiku wa dzulo lake.

Chachiwiri ndi nthawi ndi malo, zomwe sizilira ndalama. M'mamawa ana akupita ku sukulu, kapena madzulo anthu akuweruka, kuwala kumatsika kokwanira kuti 1/30 igwire pa f/8 kapena f/11. Koma kumbukirani kuti kwathu kuno mdima suchedwa. Ku Blantyre mwezi wa June dzuwa limalowa isanakwane 5:30, ndipo chisisira chabwino chija sichitha ngakhale theka la ola. Mukafika pamalo 5 koloko n'kuyamba kufufuza poima, mwachedwa. Tsiku la mitambo kapena la chiperoni ndi mphatso: kuwala kumatsika ndi ma stop awiri kapena atatu, mitundu ya zitenje n'kumaoneka yokhuta. Mthunzi wa makonde a masitolo ku Limbe nawonso umathandiza, koma samalani kuti kumbuyo kwa munthu wanuyo kusakhale msewu wowala ndi dzuwa, apo ayi kumbuyoko kudzayera.

Chachitatu ndi filter ya ND, kagalasi kakuda komangirira kutsogolo kwa lens. ND8 imachotsa ma stop 3, ND64 imachotsa 6, ND1000 imachotsa 10. Ndi ND8 dzuwa lili pamutu mutha kujambula pa 1/30 ndi f/11, kapena 1/15 ndi f/16. Ndi ND64 mutha kukhala pa 1/30 ndi f/4. Pa za mumsewu ine ndimati yambani ndi ND8. ND64 pa kamera ya DSLR, yomwe poyang'anira pake mumaona kudzera mu lens momwemo, imadetsa kwambiri poyang'anira moti kutsatira njinga kumavuta, focus nayo imayamba kusakasaka. Pa mirrorless, yomwe poyang'anira pake ndi kasikirini, sizivuta chifukwa kamera imawalitsa yokha chimene mukuona. ND1000 ndi ya mathithi ndi mafunde a kunyanja, mumsewu masana imapyola muyeso pokhapokha mukufuna anthu azimiririke.

Musanagule yang'anani kukula kwa kamwa la lens yanu. Pamakhala kachizindikiro ka ziro wodulidwa pakati ndi nambala monga 52, 58 kapena 67. Zinthuzi sizipezeka wamba m'masitolo athu, ambiri timaitanitsa kudzera kwa abale a ku Johannesburg, ndiye ndi bwino kugula filter imodzi yokwana pa lens yaikulu ndi timphete tolumikizira pa ma lens aang'ono. Ilipo ina yopotokola, yomwe mdima wake umasintha mukaizunguza. Ndi yabwino paulendo, koma mukaipotokola mpaka kumapeto, makamaka pa lens yotambalala, imaika chimthunzi chooneka ngati X pakati pa chithunzi. Mukaona zimenezo bwezani pang'ono, kamera sinaonongeke. Amene muli ndi polarizer yokha, filter yochepetsa kunyezimira, nayonso imadya stop imodzi kapena awiri, ndipo nthawi zina n'zokwanira.

Madontho akuda pamalo amodzimodzi

Mukathawira ku f/22 mudzakumana ndi alendo awa: timadontho totuwa tomwe tili pamalo omwewo pa chithunzi chilichonse. Ndi fumbi la pa sensor, kachipangizo ka m'kamera kolandira chithunzi. Pa f/4 silioneka, pa f/22 limaonekera poyera, ndipo chimbuuzi chimaliulula kwambiri chifukwa zonse zasalala koma ilo lili chiimire. M'miyezi ya fumbi, kuyambira August mpaka mvula yoyamba, musasinthe lens panja pa depoti. Kuti mudziwe ngati lilipo, jambulani khoma loyera pa f/22. Lichotseni ndi kachipangizo kopopera mpweya, kamwa la kamera litaloza pansi. Musapemerere ndi pakamwa, malovu amasiya banga loposa fumbilo. Komanso f/22 payokha imafewetsa chithunzi chonse pang'ono, chifukwa china chogulira ND.

Zonse zachita chimbuuzi, ndi wakabaza yemwe

Cholinga chinali choti munthu aoneke bwinobwino, kumbuyo kwake kukhale mizere. Kuti zitero kamera iyenera kuyenda limodzi ndi iye pa liwiro lofanana nthawi yonse imene shutter ili yotsegula. Ojambula amati panning. Ine ndimakonda kunena kuti kuperekeza, chifukwa cholakwika chachikulu ndi chomwe chija cha munthu amene mlendo akangotsanzika iye n'kutsekeratu chitseko. Ambiri amatsatira njinga bwinobwino, koma chala chikangodina batani thupi limaima. Shutter ikadali yotsegula, njinga yapitirira, kamera yatsala. Mlendo timamutulutsa mpaka pamsewu: dinani batani mkati mwa kuzungulirako, ndipo pitirizani kutsatira mpaka njinga yapita kutali.

Kuzungulirako kuchokere m'chiuno, osati m'manja. Tangadzani miyendo pang'ono, mapazi aloze pamalo pamene mukufuna kujambulira, zigongono zikhale pa nthiti, kamera itsamire pachipumi. Kenako potokolani chiuno kuyang'ana kumene njinga ikuchokera, n'kumamasuka pang'onopang'ono mukuitsatira. Mukatero, pa nthawi yodina thupi limakhala litawongoka, pamene lili lokhazikika kwambiri. Kujambula mutatambasula manja mukuyang'ana pagalasi la kumbuyo kumabweretsa mbedza zija.

Musatsatire njinga yonse. Sankhani kanthu kamodzi, khutu la wopalasa kapena kolala ya malaya ake, ndipo kakhale pa kabokosi ka focus osachokapo. Pa DSLR poyang'anira pamada shutter ikatseguka, choncho phunzirani kusiya diso linalo lotsegula. Ikani kamera pojambula motsatizana kuti kudina kumodzi kutulutse zithunzi zinayi kapena zisanu. Kawirikawiri chabwino chimakhala chapakati, chifukwa choyamba chimatenga kugwedeza kwa chala.

Mwina mwangochedwetsa shutter mopyola. Taganizani mtunda umene chinthu chimayenda. Njinga yoyenda makilomita 15 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 4 pa sekondi, ndiye pa 1/30 yasuntha masentimita 14, pa 1/15 yasuntha 28. Minibasi ya makilomita 50 pa ola imasuntha masentimita 23 pa 1/60 chabe. Munthu woyenda pansi, pa makilomita 5 pa ola, amasuntha masentimita 9 pa 1/15. Apa mutha kuona poyambira: galimoto ndi njinga zamoto 1/60 kapena 1/125, kabaza wopalasa 1/30, woyenda pansi 1/15 kapena 1/8. Yambani ndi yofulumirirapo, mukagwira zitatu zotsatizana tsikani sitepe imodzi. Woyenda pansi ndiye wovuta kuposa onse ngakhale akuyenda pang'onopang'ono, popeza mutu wake umakwera ndi kutsika pa phazi lililonse.

Kukwera ndi kutsika komweko kumachokeranso mumsewu. Kamera yanu ikuyenda chopingasa, koma njinga ikagunda dzenje kapena hampu imadumpha, nkhope n'kutuluka iwiri. Apa palibe batani lothandiza. Sunthani, mupeze pamene tala ali wosalala. Ndinataya madzulo athunthu pamalo ena okongola kwambiri, kumbuyo kuli mabenchi a tomato, ndisanazindikire kuti pamene ndinkadinira ndi pomwe tala anathera, njinga zonse zinkatsikira pa dothi.

Dinani batani chinthu chimene mukuperekeza chikafika moyang'anizana nanu, chikudutsa chopingasa. Chikamabwera chakwa inu chimakula mkati mwa kujambula, ndipo kuperekeza sikungakonze zimenezo. Ndiponso ngati mwayandikira kwambiri minibasi ndi lens yotambalala, mudzaona kuti chitseko chimene munatsatira chaoneka bwino koma kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto kwachita chimbuuzi. Si kulakwa kwanu: mbali zimenezo zili pa mtunda wosiyana ndi inu, ndiye zimadutsa pa diso la kamera pa liwiro losiyana. Bwererani m'mbuyo, mugwiritse lens yotalikirapo, 50mm mpaka 85mm. Miyendo yopalasa ndi masipoko zisiyeni zichite chimbuuzi, ndiye moyo wa chithunzicho.

Palinso chinthu china chobisika: choletsa kugwedera cha mu lens kapena mu kamera. Ntchito yake ndi kulimbana ndi kusuntha, ndiye mukamaperekeza chimatha kukukanizani, chithunzi n'kumadumphadumpha poyang'anira. Ma lens ena a Canon ali ndi kabatani ka Mode 2, komwe kamasiya kuyenda kopingasa n'kumaletsa kokwera ndi kutsika kokha. Pa Nikon choletsa kugwederachi amati VR, ikani pa Normal kapena Sport, osati Active. Ngati yanu ilibe zosankhazi ndipo mizere ikutuluka yoduka, zimitsani, mujambule khumi, muyerekeze.

Ngati chimbuuzi chili chofufuma chija, nkhani ndi focus. Ikani pa AF-C, kapena AI Servo pa Canon, kuti izitsatira. Kamera ikakhala yakale yochedwa kugwira, pali njira yachikale yomwe siikhumudwitsa: sankhani chizindikiro pamsewu, chigamba cha tala kapena mzere woyera, ikani focus pamenepo, tembenuzani lens ikhale ya manja, ndipo muzidina njinga ikafika pachizindikirocho. Pa f/8 kapena f/11 malo ooneka bwino amakhala okwanira.

Munthu waoneka bwino koma liwiro silikumveka

Izi zimapweteka chifukwa zonse mwachita bwino. Kawirikawiri vuto ndi kumbuyo. Thambo, khoma la laimu, munda wouma wa mtundu umodzi, zonsezi zikakhwekhwerezeka zimakhalabe chimodzimodzi. Mizere imabadwa pamene pali kusiyana kwa mitundu ndi kuwala: makoma a magolosale opakidwa zofiira ndi zobiriwira za makampani a foni, zitenje zopachikidwa pamsika, kaunjika woyalidwa, milu ya mabeseni apulasitiki, mitengo ya jacaranda itachita maluwa mu September ndi October. Sankhani kumbuyo poyamba, wodutsa abwera yekha. Zinthu zoimirira monga mapolo ndi mipanda ya malata zimapereka mizere yabwino, pamene zogona monga waya wa magetsi zimangotsalira mmene zilili chifukwa zikulowera kumene kamera ikupita.

Kumbuyo kukhalenso kosatalikira. Phiri la kutali limakhwekhwerezeka ndithu, koma lilibe timbali tating'ono toti tisanduke mizere. Mashopu a tsidya lina la msewu ndiye mulingo wabwino. Ndipo ngati pakati pa inu ndi njinga padutsa munthu kapena polo, musataye chithunzicho musanachione. Chimbuuzi cha kutsogolo nthawi zina ndicho chimapangitsa woona kumva ngati waima pamsewu pomwepo.

Kamera itaima, khamu likuyenda

Njira yachiwiri ndi yotembenuza yoyamba ija. Kamera siisuntha, nyumba ndi mabenchi zimaoneka bwinobwino, anthu odutsa ndiwo amasanduka mtsinje. Malo ake ndi monga pa mlatho wa Lilongwe pafupi ndi msika nthawi yoweruka, kapena pa Wenela mabasi akamatsitsa anthu.

Dandaulo loyamba ndi loti makoma nawo agwedera. Pamanja, popanda choletsa kugwedera, lamulo ndi loti shutter isachedwe kuposa nambala ya lens: 1/30 pa lens ya 28mm, 1/50 pa ya 50mm. Khamu limafuna 1/8, 1/4 kapena theka la sekondi, ndiye kamera iyenera kutsamira pena. Tripod, sitandi ya kamera ya miyendo itatu, pamsika imaitana anthu ndipo imapinga odutsa, ine sindiitenga. Kathumba ka nyemba kapena mpunga, kilogalamu imodzi musokosi yakale, mukakaika pa khoma kapena pa chitsulo cha khonde kamagwira kamera bwino kwambiri. Ikani timer ya masekondi 2 kuti chala chichoke shutter isanatseguke. Pa mlatho dikirani lole idutse, chifukwa mlatho wonse umanjenjemera ndipo kamera imamva zomwe mapazi anu sakumva.

Dandaulo lachiwiri ndi loti anthu asowa. Mwajambula masekondi 10 ndi ND yakuda, msewu wodzaza uja watuluka wopanda munthu. Izi n'zakale ngati kujambula komwe. Mu 1838 Louis Daguerre anajambula msewu wa Boulevard du Temple ku Paris, ndipo popeza kujambula kunatenga mphindi zingapo, ngolo ndi anthu oyenda sanaoneke, kupatula munthu amene anaima akupukutitsa nsapato ndi womupukutirayo. Chinthu chikadutsa mofulumira pamalo sichisiya kuwala kokwanira. Fupikitsani nthawi. Pa 1/4 munthu woyenda amasuntha pafupifupi masentimita 35, thupi likadazindikirika, miyendo yokha ndiyo yasungunuka. Kupyola sekondi imodzi amayamba kukhala mthunzi. Ovala zowala pa malo akuda amasiya mzere wooneka, ovala zakuda pa malo owala amazimirira msanga.

Koma chimene chimapha zithunzi zambiri zotere si nambala. Ndi kusowa pogwira diso. Chimbuuzi chokhachokha, kuchokera ngodya ina kufika ina, woona amangoti kamera inagwedera. Pafunika munthu mmodzi woima: mayi wogulitsa nthochi atakhala phee pa mpando wake, mnyamata wa mayunitsi pansi pa ambulera, gogo wodikira kuwoloka. Iyeyo akaoneka bwino, khamu lomuzungulira limayamba kunena kanthu. Ndimapeza munthu ameneyu ndisanakhudze n'komwe shutter, ndipo focus ndimaika pa iye.

Usiku

Usiku kuwala sikuchulukanso, koma kumabwera mavuto ena awiri. Loyamba: mizere ya magetsi yatuluka yodukaduka ngati mikanda. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo mababu ambiri a LED ndi machubu amaphethira ka 100 pa sekondi, maso osaona. Mukaperekeza galimoto kudutsa pa mababu a pa shopu, kuphethirako kumalembeka. Nyale zina za LED za pagalimoto nazo zimatero. Palibe chochita pa babu la mwini, mikandayo muilandire kapena musinthe malo. Koma ngati chithunzi chonse chili ndi mipyololo yakuda ndi yowala yopingasa, chotsani kamera pa shutter yachete ya electronic mubwerere pa yamakina, ndipo mukhale pa 1/50 kapena 1/25.

Lachiwiri ndi la flash. Mukaphatikiza shutter yochedwa ndi flash, flash imaimitsa munthuyo ndipo kuwala kwa pamalopo kumajambula mzere. Kamera zambiri zimawombera flash shutter ikangotseguka, ndiye mzere umakhala kutsogolo kwa munthu, n'kumaoneka ngati akuyenda chafutambuyo. Fufuzani pa menu pamene palembedwa Rear kapena 2nd curtain, kuti flash iwombe kumapeto, mzere utsalire kumbuyo. Ndipo chonde flash musailozetse pankhope ya munthu amene akuyendetsa njinga yamoto kapena galimoto mumdima. Diso lake limachita khungu kwa kanthawi, ndipo kumbuyo wanyamula mwana wa munthu. Njira iyi ndi ya pa chinkhoswe, pa dansi, pa oyenda pansi.

Mukajambula mizere ya galimoto mutaima pamwamba, monga pa mlatho wa anthu oyenda pansi, masekondi 4 mpaka 10 pa f/11 ndi poyambira pabwino. Popeza timayenda kumanzere, nyale zofiira za opita zidzakhala kumanzere kwanu, zoyera za obwera kumanja. Zoyerazo zimapsa msanga, ndiye yezani kuwala potengera izo. Jambulani thambo likadali ndi kabuluu. Likada bii nyumba zimasowa, mizere n'kutsala ikulendewera pa mdima.

Pa foni

Foni zambiri bowo la lens silisintha, limakhala lotsegula cha pa f/1.8. Dzuwa likuwala, ngakhale pa ISO 50, shutter imafunika ikhale cha pa 1/4000. Ndiye mukalowa pa Pro n'kusankha 1/30 masana, kuyera mbee n'kosapeweka. ND64 yopanira pa foni imakufikitsani pafupi ndi 1/60, pokwanira njinga yamoto. Magalasi a dzuwa kutsogolo kwa lens amathandizako mumthunzi, osati padzuwa. Kupanda zimenezi dikirani chisisira. Musagwiritse Night mode pofuna chimbuuzi, chifukwa iyo imajambula zithunzi zambiri zofulumira n'kuziphatikiza, cholinga chake n'kuchotsa chimbuuzi chomwe mukufunacho.

Pa iPhone, jambulani Live Photo foni itakhazikika, kenako pa chithunzicho musankhe Long Exposure. Imadula m'mbali pang'ono, ndiye siyani malo. Google Pixel 6 ya 2021 inabwera ndi Action Pan ndi Long Exposure, zomwe zimapanga chimbuuzi ndi pulogalamu. Zimanyenga diso pa foni, koma kulitsani muone m'mphepete mwa tsitsi ndi pakati pa masipoko, pamene pulogalamuyo imasokonezeka.

Pa windo la basi

Paulendo inuyo ndi amene mukuyenda. Pa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza, pamene msewu umatsata malire a Mozambique, zapafupi zimathamanga, zakutali zimachita ngati zaima. Pa 1/60 kapena 1/125 udzu wa m'mbali mwa msewu umasanduka mizere pamene mapiri akuoneka bwino. Ngati mapiri nawo agwedera, mwatsamiritsa lens pa galasi kapena chigongono pa chitsulo cha windo, ndipo kunjenjemera kwa injini kwalowa mu kamera. Thupi lanu ndilo likhale sipuling'i: musatsamire kanthu, lens iyandikire galasi osalikhudza, dzanja linalo litchinge m'mbali kuti malaya a mnzanu wa pampando asaonekere. Basi ikamachepetsa liwiro pa Lizulu, sankhani wogulitsa mmodzi amene wanyamula beseni la mbatata kapena kabichi, mumuperekeze chobwerera m'mbuyo pamene basi ikudutsa. Ndi panning yomwe ija, yangotembenuka.

Anthu akamakana

Pali vuto lina lomwe silili pa menu. Kuperekeza kumafuna kuima pamalo amodzi nthawi yaitali mukuloza kamera kwa odutsa, ndipo anthu amafunsa, ndi ufulu wawo. Yambani mwapereka moni kwa eni malo, amayi a pa benchi ndi anyamata a pa siteji, munene chimene mukuchita, muwaonetse chithunzi chimodzi. Wina akatchinga nkhope tsitsani kamera. Chimbuuzi chimabisa nkhope zambiri, koma si chilolezo. Pa ma roadblock, kumalo a asilikali ndi nyumba za boma zotetezedwa musayese n'komwe. Gule wamkulu, fumbi likutuluka kumapazi, amakopa wojambula aliyense pa 1/30, koma kumeneko mumayamba mwapempha kwa akuluakulu a mwambo, ndipo akakana mwakanidwa.

Pophunzira, njira yachidule ndi kupangana ndi wakabaza mmodzi pa nthawi imene makasitomala achepa. Ndinatero tsiku lina chakumadzulo. Ndinati, "Achimwene, ndikulipirani ya maulendo atatu, muzingodutsa apa kuchokera pa mtengo uwo kukafika pa shopu yobiriwirayo, liwiro limodzimodzi." Anayang'ana kamera, n'kufunsa kuti, "Ndiye ndiziyang'ana kwa inu, bwana?" Ndinati ayi, aziyang'ana kumene akupita. Anadutsa kangapo pa 1/60, kenako 1/30, kenako 1/15, ine ndikukulitsa chithunzi chilichonse pa khutu lake. Pa 1/15 mutu unkatuluka uwiri nthawi zonse, ndipo anali iyeyo amene anaona chifukwa chake atasuzumira pagalasi: akamaponda pedulo mwamphamvu mapewa ake ankapendama uku ndi uku. Anabwerera kutali pang'ono kuti atenge liwiro, n'kusiya kupalasa atatsala pang'ono kufika pamene ndinaima, njinga ikungoyenda yokha. Chithunzi chotsatira kolala ya malaya ake inaoneka ndi ulusi womwe, kumbuyo kuli mizere yobiriwira, ndipo anandipempha kuti ndimutumizire pa WhatsApp.